Mphasa Imodzi, Miphika Iwiri: Kudyetsa Alendo M'mapiri a Dedza

(NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Inu amene muli kudimba, inu amene mwayala malonda pamsika, adalaivala amene muli mumsewu wa M1, ndi inu amayi amene mukudikira kuti madzi a nsima afunde pamafuwa, takulandirani ku pulogalamu yathu ya maulendo ndi zakudya. Lero tili m'mapiri a Dedza, kumene mwezi wa Juni ukafika munthu amadzuka manja atachita dzanzi, ndipo nkhungu imaphimba mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera.

Funso lathu lero ndi ili: anthu akakhala pa ulendo umodzi, ena odya nyama, ena osadya nyama, angapeze bwanji malo oti onse adyere pamodzi n'kukhuta? Tifunsako nzeru ku dziko la France, kumene kudachokera mawu akuti lesitilanti, kenaka tibwerera kwathu kuno kudzavundukula miphika yathu.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso anga. Tsiku lina tidanyamuka ku Lilongwe anthu asanu m'galimoto imodzi, kupita ku Mua. Mudali dalaivala wathu, munthu amene samva kuti wadya ngati m'mbale mulibe fupa. Mudali azakhali anga, a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene adaleka kudya nyama zaka zambiri zapitazo. Mudali mnzanga wachisilamu, mudalinso mtsikana wina wa ku France amene adabwera kudzaphunzitsa kwa miyezi ingapo, ndipo iyeyu sadya nyama kapena nsomba. Wachisanu ndidali ine.

Dzuwa lili paliwombo tidaima pa lesitilanti ina m'mbali mwa msewu. Tidafunsa ngati pali ndiwo zopanda nyama. Mnyamata woperekera zakudya adayankha mwaulemu kuti, "Zilipo bwana, nyemba ndi kabichi." Mbale zitafika, nyemba zija zidali zikusambira mu msuzi wa mbuzi, tizidutswa ta mafuta tikuyandama pamwamba. Mnyamatayo adati, "Ndawathirirako kamsuzi amayiwa kuti zikome." Sadachite zimenezi mwa chipongwe ayi. Kwa iye udali ulemu waukulu, chifukwa adakula akudziwa kuti mlendo sapatsidwa nyemba zokhazokha.

Azakhali adangothokoza, n'kubwerera m'galimoto kukadya nthochi. Mtsikana uja adatafuna mtedza umene adali nawo m'chikwama. Ife otsalafe tidadya, koma nsima sidatsike bwino, pakuti kudya anzako akuyang'ana kumbali kumalemetsa mtima. Pobwerera tidadutsa pamalo paja osaima. Mwini lesitilantiyo adataya makasitomala asanu chifukwa cha chipande chimodzi cha msuzi, ndipo mpaka lero sadziwa.

Nkhani yathu yagona pamenepo. Palibe amene adalakwa dala. Chidasowa ndi kufunsana bwino ndi kumvetsetsana.

(NYIMBO PANG'ONO)

GAWO LOYAMBA: KODI OSADYA NYAMA NDI NDANI?

WOULUTSA: Ambiri timaganiza kuti kusala nyama ndi za azungu odzaona malo. Koma tayang'anani m'mudzi mwanu momwemo. Alipo Aadiventi amene sadya nyama ya mtundu uliwonse, ndipo amene amadya nyamawo salawa nkhumba kapena nsomba zopanda mamba monga mlamba. Alipo Marasta amene chakudya chawo chimachokera m'nthaka basi. Alipo Amwenye achihindu m'matauni mwathu amene makolo awo akhala osadya nyama mibadwomibadwo. Abale athu achisilamu, monga a dera la Mfumu Tambala kuno ku Dedza, nyama amadya, koma ikhale yozingidwa mwa chipembedzo chawo, ndipo akakayikira amasankha nyemba ndi masamba. Akatolika, amene tchalitchi chachikulu cha dayosizi yawo chili ku Bembeke, amasala nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse m'nyengo ya Lenti. Enanso adauzidwa kuchipatala kuti achepetse nyama ndi mafuta chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena matenda ena.

Ndipo osadya nyamawa safanana onse. Ena sadya nyama koma nsomba amadya. Ena sadya nyama ndi nsomba zomwe, koma mazira ndi mkaka amalandira. Ena sakhudza chilichonse chochokera ku cholengedwa choyenda: dzira ayi, mkaka ayi, batala ayi, ngakhale uchi.

Vuto lina lili m'chilankhulo chathu. Munthu akati, "Sindidya nyama," ambiri timamva kuti akunena ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Timathamangira kukamugwirira nkhuku, kapena kumukazingira usipa, poganiza kuti zimenezo si nyama. Winanso amaganiza kuti akachotsa nthuli mu mphika, msuzi wotsalawo ulibe mlandu. Koma kwa munthu amene adasala chifukwa cha chikhulupiriro, msuzi wa nyama ndi nyama ndithu, matemba ndi nyama, ngumbi ndi nyama.

Palinso maganizo ena amene adatilowa m'mutu, akuti masamba ndi ndiwo za usiwa, ndipo mlendo wolemekezeka ndi wopheredwa nkhuku. Mwambo wophera mlendo nkhuku ndi wokoma, tisautaye. Koma mtima wa mwambowo ndi kuti mlendo akondwe. Ngati chomukondweretsa ndi nkhwani wotendera, ndiye kuti nkhwaniyo ndiye nkhuku yake.

(NYIMBO)

GAWO LACHIWIRI: PHUNZIRO LA KU FRANCE

WOULUTSA: Wina afunsa kuti, kodi France ikukhudzana bwanji ndi Dedza? Ubale ulipo. Mishoni ya Mua, kumunsi kwa mapiriwa, idakhazikitsidwa mu 1902 ndi Abambo Oyera, chipani cha ansembe chimene adachiyambitsa Kadinala Charles Lavigerie wa ku France mu 1868. Pa Mua pomwepo, mu 1976, Bambo Claude Boucher ochokera ku Canada adayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso a KuNgoni, amene mpaka lero amakoka alendo a m'mayiko ambiri, olankhula Chifalansa ali momwemo.

Mawu akuti lesitilanti adabadwira mu mzinda wa Paris m'zaka za m'ma 1760. Poyamba ankatanthauza supu wa nyama wobwezeretsa mphamvu m'thupi, ndipo kenaka dzinalo lidagwera nyumba zimene ankagulitsiramo supuyo. Choncho kuyambira pachiyambi, maphikidwe achifalansa adamangidwa pa msuzi wa mafupa, batala ndi tchizi. Mu 2010 bungwe la UNESCO lidaika mwambo wa madyedwe a Afalansa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Musaiwale kuti mu 2017 bungwe lomweli lidaikanso pa mndandanda womwewo mwambo wathu wa nsima. Tikulankhulana ngati anthu ofanana, aliyense ndi mphika wake.

Chifukwa cha maziko a msuzi wa mafupa aja, munthu wosadya nyama akalowa mu lesitilanti yachifalansa, kaya ku Paris, ku Johannesburg kapena ku Port Louis, ayenera kutsegula maso. Supu wa anyezi wotchuka uja, soupe à l'oignon, amaoneka ngati wa anyezi yekha, koma nthawi zambiri amaphikidwa mu msuzi wa ng'ombe. Quiche lorraine imaoneka ngati chitumbuwa cha mazira ndi mkaka, koma m'kati mwake muli tizidutswa ta nkhumba totchedwa lardons, ndipo tomweto amakonda kutiwaza pa saladi. Tchizi zambiri zachikale amaziumitsa ndi madzi ochokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe. Mwaona kodi? Nkhani ya msuzi wa mbuzi pa nyemba za azakhali ilikonso ku Ulaya, yangovala malaya ena.

Koma Afalansa alinso ndi zakudya zimene wosadya nyama amadya mtima uli m'malo. Kummwera kwa dzikolo, ku Provence, kuli ratatouille: mabiringano, tomato, anyezi, tsabola wosawawa, adyo ndi mtundu wina wa maungu anthete, zonse zophikidwa pang'onopang'ono m'mafuta a olivi. Ku mapiri ozizira a Dauphiné kuli gratin dauphinois, mbatata ya kachewere yodula mopyapyala, yowotchedwa mu uvuni ndi mkaka wokhathamira ndi adyo. Pali omelette ya bowa, pali supu wa ndiwo zakudimba. Wodya nyama amaitanitsa nyama yake, wosadya nyama amaitanitsa zake, buledi ali pakati, onse pa tebulo limodzi.

Tsopano imvani nkhani ya mbatata, imene ikutikhudza ife a ku Dedza. Kale Afalansa ankaiopa mbatata ya kachewere, ankati imayambitsa khate, ndipo ankaiponyera nkhumba. Katswiri wina wa zamankhwala wa gulu la nkhondo, Antoine-Augustin Parmentier, adagwidwa ukaidi ku Prussia ndipo kundendeko ankamudyetsa mbatata. Adatuluka wamoyo ndi wathanzi, n'kuyamba kuphunzitsa anthu a kwawo kuti chakudyachi ndi chabwino. Mu 1772 akatswiri a zachipatala a ku Paris adavomereza kuti mbatata ndi yoyenera kudyedwa ndi anthu. Lero dzina la Parmentier lili pa zakudya ziwiri zodziwika. Potage Parmentier ndi supu wa mbatata ndi mtundu wina wa anyezi wa masamba aatali. Hachis Parmentier ndi nyama ya ng'ombe yogaya yofunditsidwa ndi mbatata yopota. Dzina ndi limodzi, mbatata ndi yomweyo, koma mbale ina muli nyama, ina mulibe. Amene angowerenga dzina osafunsa akhoza kugwa m'mbuna. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Zinthu ku France zakhala zikusintha. Mu 2001 wophika wotchuka Alain Passard adachotsa nyama yofiira pa mndandanda wa zakudya za lesitilanti yake ya L'Arpège ku Paris, n'kuika ndiwo zakudimba patsogolo. Anthu adati wadziphera bizinesi, koma adasungabe nyenyezi zitatu za Michelin, umene ndi ulemu wapamwamba kwambiri pa ntchito yophika. Kuyambira mu Novembala 2019, sukulu za ku France zimene zimadyetsa ana zidalamulidwa kupereka chakudya chopanda nyama ndi nsomba kamodzi pa sabata. Mu 2021 lesitilanti ya ONA ya mayi Claire Vallée, m'tauni ya Arès, idakhala yoyamba m'dzikomo kulandira nyenyezi ya Michelin pophika zakudya zopanda chilichonse chochokera ku nyama.

Chinanso chabwino n'chakuti malesitilanti a kumeneko amapachika panja mndandanda wa zakudya ndi mitengo yake. Gulu la apaulendo limawerenga lisanalowe, n'kugwirizana ngati aliyense wapezapo chake. Inu amene mudzapite kumeneko, sungani mawu awa: végétarien ndiye wosadya nyama, sans viande ndiye kuti chopanda nyama, ndipo bouillon ndiye msuzi umene muyenera kufunsa kuti wachokera ku chiyani.

(NYIMBO)

GAWO LACHITATU: CHUMA CHA M'MAPIRI ATHU

WOULUTSA: Tibwerere kwathu. Ku Dedza malesitilanti achifalansa sadandandalike mumsewu ngati ku Paris. Koma pafupifupi chilichonse chimene wophika wa ku France amafuna pokonza mbale yopanda nyama chimamera m'mapiri muno.

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imapitirira mamita 2,000. Kuzizira kumeneku ndi kumene kumakomera kachewere, kabichi, karoti, nsawawa, nyemba ndi mapichesi. Imani pa mphambano ya Bembeke muone ndowa za mbatata zitasanjikizana. Pitirirani mpaka pa Lizulu m'boma la Ntcheu, pamene msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, muone milu ya tomato ndi anyezi, ina yochokera kutsidya ku Angonia. Mbatata imene anthu amadya ngati tchipisi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, yambiri imachokera m'mapiri omwewa.

Alendo nawonso ali ndi zifukwa zobwerera kuno. Mu 2006 UNESCO idaika dera la Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, chifukwa cha malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa. Munthu amene wakwera ku Chencherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi amatsika ndi njala. Ena amaima pa Dedza Pottery, imene idayamba mu 1987, kukagula mbale ndi makapu a dothi, n'kumwa khofi ndi keke ya tchizi imene malowa adatchuka nayo. Ena amatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti kupita ku Mua ndi ku nyanja. Onsewa amafuna kudya, ndipo kawirikawiri m'gulu lililonse simulephera kukhala mmodzi wosadya nyama.

Nanga tiwapatsa chiyani? Tawerengani nane. Nkhwani wotendera ndi nsinjiro. Khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso, luni, kholowa, mpiru. Chigwada chosinja bwino mu mtondo. Therere. Mfutso wa m'chikwatu nthawi ya chilimwe. Nyemba zophikidwa mpaka msuzi kukhathamira, khobwe, nandolo, nzama, ndi chipere chosalala cha nyemba zochotsa makoko. Futali wa mbatata kapena wa maungu. M'nyengo ya dzinja kumabwera bowa, utale ndi manyame, amene akakazingidwa ndi tomato ndi anyezi ngakhale wokonda nyama amanyambita zala. Pa bowa pokha tichenjere: tigule kwa anthu amene amamudziwa bwino, chifukwa wina ndi wakupha. Palinso nyama ya soya imene masiku ano ili mu golosale iliyonse. Pomwera tiyi pali chigumu ndi zitumbuwa, ndipo wa ludzu timupatse thobwa.

Ndiwo zonsezi mulibe fupa ngakhale limodzi. Agogo athu sadapite ku sukulu ya zophikaphika, koma adadziwa kuti nsinjiro zimapatsa masamba mafuta ndi kukoma, monga momwe Mfalansa amadalira batala. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale ya nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani wotendera ndi pichesi pambali yakwaniritsa kale magulu asanu. Mukawonjezera dzira kapena kapu ya mkaka kwa amene amalandira zimenezi, onse 6 akwana. Amene sadya ngakhale dzira ndi mkaka afunse kuchipatala za vitamini B12, chifukwa ameneyu amapezeka makamaka mu zakudya zochokera ku nyama.

Wodya nyama naye sakumanidwa. Nkhuku yachikuda ilipo, mbuzi ilipo, ndipo amene amadutsa pa Chimbiya amadziwa fungo la kanyenya limene limalowa m'basi mawindo asanatsegulidwe. Sitikunena kuti anthu aleke nyama. Tikunena kuti pa moto pakhale miphika iwiri.

(NYIMBO)

GAWO LACHINAYI: KUSANKHA MALO ODYERA

WOULUTSA: Tsono inu apaulendo, mungadziwe bwanji malo oyenera gulu lanu lonse?

Choyamba, funsanani musananyamuke. Mtsogoleri wa ulendo adziwe kuti ndani sadya chiyani. Ena amachita manyazi kunena, makamaka apongozi ndi achikulire, choncho afunseni mwaulemu pambali.

Chachiwiri, ngati malowo ali ndi foni, imbani m'mawa. Nyemba sizipsa msanga, ndipo masamba otendera amafuna kusinja nsinjiro. Wophika amene wauzidwa nthawi ilipo amakonza zabwino kuposa amene mwamudzidzimutsa.

Chachitatu, mmodzi atsike kukafunsa ena onse asanakhale pansi. Anthu akasamba kale m'manja kumakhala kovuta kunyamukanso.

Chachinayi, musafunse kuti, "Muli ndi zopanda nyama?" Funso limeneli yankho lake ndi inde kulikonse. Funsani za msuzi, za mafuta, za chipande ndi za zokometsera. Tamvani momwe kufunsa kwabwino kumamvekera.

(PHOKOSO LA MBALE NDI ANTHU AKUCHEZA CHAPATALI)

MLENDO: Odi kuno amayi!

MAYI: Odini bambo, fikani. Mwaswera bwanji?

MLENDO: Taswera bwino, kaya inu amayi?

MAYI: Ifenso taswera. Tikuthandizeni chiyani?

MLENDO: Tilipo asanu. Atatufe tidya nsima ya nkhuku. Koma tili ndi azakhali ndi mlendo wina amene sadya nyama, nsomba ngakhale msuzi wake. Kodi nyemba zanu mwaphika pazokha?

MAYI: Pazokha ndithu bambo, tomato, anyezi ndi mafuta a m'botolo basi.

MLENDO: Simudathiremo timibulu tokometsera tija ta fungo la ng'ombe kapena nkhuku?

MAYI: M'nyemba ayi. Koma ndisakunamizeni, mu kabichi ndathiramo. Ameneyo asadye. Mukandipatsa mphindi zochepa ndiwaphikira mpiru wotendera, nsinjiro ndili nazo.

MLENDO: Mwachita bwino kunena. Nanga tchipisi?

MAYI: Tchipisi nditenga kwa achimwene apachiwayawo, koma mafuta ake ndi omwe akukazingira mbuzi. Bola ndiwawiritsire mbatata, ndithire tomato.

MLENDO: Zikomo kwambiri amayi. Ndikawaitane alowe.

MAYI: Kawaitaneni, madzi osamba m'manja ali apo. Chipande cha nyemba ndi chakechake, musade nkhawa.

(PHOKOSO LIZILALA)

WOULUTSA: Mwamva mawu amene apangitsa gulu lonse kukhala pansi? Ndi aja akuti, "Ndisakunamizeni." Wophika amene akukuuzani chimene simuyenera kudya ndi amene mungamukhulupirire pa chimene akuti idyani.

Nkhani ya chiwaya ija muisunge. Tchipisi ndi mbatata, inde, koma pa ziwaya zambiri mbatata, mbuzi, nkhumba ndi zam'kati zimakumana m'mafuta amodzi. Kwa Msilamu, kwa Mwadiventi ndi kwa aliyense wosadya nyama, mbatata yotere yasanduka kale china.

Chachisanu, yang'anani ukhondo. Masamba akhale ophikidwa lero ndi otentha, saladi akhale wotsukidwa ndi madzi abwino, ndipo pakhale sopo posamba m'manja.

Chomaliza ndi chenjezo la moyo. Alipo anthu, makamaka mwa alendo akunja, amene thupi lawo limadana ndi mtedza moti akalawa pang'ono amatupa ndi kubanika. Musanapereke ndiwo zotendera kapena futali, nenani kuti muli nsinjiro.

(NYIMBO)

GAWO LACHISANU: MAWU KWA ENI MALO ODYERA

WOULUTSA: Tsopano ndilankhule ndi inu amayi ndi abambo a malesitilanti, a ziimilire, a matiyirumu ndi a malo ogona alendo, kuyambira pa Linthipe mpaka pa Masasa.

Dziwani kuti pa gulu la apaulendo, amene amasankha poima ndi uja wovuta kumudyetsa. Wodya nyama amapeza chake paliponse. Wosadya nyama akapukusa mutu, minibasi yonse imapitirira. Mukamusamala mmodziyo, mwagulitsa nkhuku kwa ena onse.

Sizifuna ndalama zambiri. Khalani ndi mphika wa nyemba umene sukhudzana ndi nyama, ndi chipande chake chosiyana. Tsiku lililonse pakhale ndiwo zamasamba za mitundu iwiri, ina yotendera, ina yokazinga, osati kabichi yekha chaka chonse. Msuzi wa nyama uziperekedwa m'kambale kapadera, aliyense azithira yekha. Ngati muli ndi chiwaya, patulani poto wina wa mbatata yokha. Lembani pa bolodi panja zakudya za tsikulo ndi mitengo yake, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo zopanda nyama muziike chizindikiro cha tsamba. Phunzitsani anyamata ndi atsikana operekera zakudya kuti mlendo akati sadya nyama asamuseke kapena kumukakamiza, ndipo ngati sakudziwa zimene zili mu mphika, akafunse kukhitchini.

Musachepetse mbale ya wosadya nyama ngati kuti ndi ya mwana. Musangochotsa nthuli n'kusiya mpata m'mbale. Dzazani mpatawo ndi nyemba, bowa, dzira kapena chipere, kuti naye achoke atakhuta ndipo aone kuti ndalama yake yagwira ntchito.

Inu amene muli ndi uvuni ndipo mumalandira alendo akunja, yesani maphikidwe achifalansa aja ndi zokolola zathu. Kachewere wa ku Bembeke ndi mkaka wa alimi athu akhoza kukhala gratin. Tomato, anyezi ndi mabiringano a pa Lizulu akhoza kukhala ratatouille. Koma musabise nkhwani ndi chigwada kuseri poganiza kuti mlendo azinyoza. Munthu amene wawoloka nyanja kudzaona zojambula za ku Chongoni ndi zigoba za Gule Wamkulu ku Mua amafunanso kulawa zimene eni dziko amadya. Ndipo ndalama ya ndiwo zimenezi imatsalira konkuno, kwa mayi wa dimba ndi kwa mlimi wa mtedza.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI)

WOULUTSA: Omvera athu, makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amakhala nafe ola limodzi, koma zimene wadya amakazinena kumene akupita. Afalansa adatenga zaka zambiri kuti avomereze mbatata, ndi zaka zinanso zambiri kuti apatse ndiwo zakudimba ulemu wofanana ndi nyama. Ife ndiwo zimenezo tidazilandira kale kwa agogo athu, ndipo zikumera kuseri kwa nyumba.

Pempho langa ndi ili. Inu apaulendo, funsani musanakhale pansi, ndipo funsani mwaulemu. Inu ophika, yankhani zoona, ndipo mawa lomweli patulani mphika umodzi ndi chipande chimodzi za mlendo wosadya nyama. Pasapezekenso munthu wodya nthochi m'galimoto anzake ali pa nsima, m'dziko la kachewere, nyemba ndi nsinjiro ngati Dedza.

Tsalani bwino, ndipo amene muli pa ulendo, muyende bwino.

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)